Kuseka kwa Malemu Wilfred

Wailesi ya mayi Doris Pargeter inafa Lachiwiri, ndipo mmisiri wa pangodya ya msewu anati kachipangizo kamene kapsa mkatimo sikapezeka msanga. Mayiwo anathokoza n'kubwerera kwawo m'chifunga cha London ali okhumudwa. Lachisanu madzulo wailesi inali kudzabwereza sewero lanthabwala la wofufuza milandu wopusa, ndipo m'sewero limenelo munali kuseka kwa amuna awo.

A Wilfred anamwalira m'nyengo yozizira yapitayo. Asanadwale, mnzawo wa kudepoti ya mabasi anawapatsa tikiti yokakhala nawo m'gulu la oonerera pamene sewerolo linkajambulidwa. Bamboyu ankachedwa kumva nthabwala. Anthu onse akamaliza kuseka m'pamene iye ankayamba, yekhayekha, mawu akulira ngati geti ladzimbiri. Mayi Pargeter anali ndi chithunzi chake, anali ndi chipewa chake, koma mawu ake sanatsale pena paliponse. Ndipo anthu ankati sewero likabwerezedwa kamodzi, ndiye lapita.

Mayiwa sanali munthu wogogoda m'makomo mwa anthu. Lachisanu m'mawa anapemphera ataima pafupi ndi mbaula, osapempha zambiri, kungoti Ambuye awapatse poyambira. Masana mayi Maud Tibbs, a nyumba yogundana ndi yawo, akuyanula zovala anafunsa pamwamba pa mpanda chimene khoma lakhalira zii sabata yonse. Atamva za wailesiyo anangoti abwere adzamvere kwawo, tiyi akhala atapsa sewero likamayamba. Mayi Pargeter sanatchule chifukwa chenicheni.

Madzulo ake amuna a mayi Tibbs, bambo Cyril, anasiyira mayi Pargeter mpando wawo wapafupi ndi moto. Sewero linayamba. Wofufuza uja anapeza mtembo m'kabati ya zovala, n'kuufunsa kumene unali dzulo. Mtembo utakhala chete, anaumanga pa mlandu wamwano. Anthu a m'wailesi anafa nalo phwete. Kusekako kutayamba kuzilala, mayi Pargeter anapendekera kutsogolo, kapu ili m'manja.

"Mwamva, mayi Pargeter? Wamanga mtembo," anatero bambo Tibbs akudzimenya pantchafu. "Maud, wamva? Mtembo weniweni."

Pamene ankamaliza, wofufuza anali atayamba kale kulankhula zina.

Chinali chizolowezi chawo bamboyo kubwereza nthabwala iliyonse, kuti mlendo asatsalire. Wofufuza atalondola mapazi mzinda wonse n'kupeza kuti ndi ake omwe, bambo Tibbs anabwerezanso, nthawi yomweyo imene a Wilfred akanamveka. Mayi Pargeter anamwetulira mwaulemu. Munthu sungamuuze kuti akhale chete m'nyumba mwake, iwe utakhalira mpando wake. Kufotokoza nakonso sakanatha, poti akanalira pamaso pa anthu. Sewero linali kupita kumapeto.

Mayi Tibbs sankayang'ana wailesi. Anaona kuti mlendo wawo saseka pamene ena akuseka, koma amatchera khutu kuseka kukamatha. Iwonso anali atamva geti ladzimbiri lija kudzera m'khoma kwa zaka zambiri.

"Cyril, malasha atha."

"Atha bwanji? Ndowa ndi yodzaza iyo."

"Ndati atha, nkhalamba inu. Mukasankhe aakuluakulu, ndipo musathamange, mungagwe."

Bambo Tibbs anayamba kudandaula kuti chigawenga chatsala pang'ono kudziwika. Kenaka anayang'ana akazi awo, n'kuyang'ana mlendo. Ananyamula ndowa yodzaza ija, natseka chitseko pang'onopang'ono.

M'wailesi, wofufuza anasonkhanitsa oganiziridwa onse m'chipinda chimodzi nalengeza kuti wakupha ali pomwepo. Magetsi anazima, mfuti inalira. Atayakanso, onse anali atapita kukamwa tiyi, iye atadzimanga yekha unyolo ku mwendo wa tebulo. Gulu linaseka, linasekanso, kenaka linazilala. Ndiyeno chapatali, kumipando yakumbuyo, munthu mmodzi anayamba. Kunali kuseka kwakufupi, kokwerera m'mwamba, kothera m'kakhosomo. Nyimbo yotsekera inakuphimba.

Mayi Pargeter anaika kapu pansi. Mayi Tibbs anazimitsa wailesi, nayamba kutola mbale osafunsa kanthu.

Potuluka, mayi Pargeter anapeza bambo Tibbs ataima pabwalo pozizira, manja ali m'khwapa, ndowa ili pamapazi. Bamboyo anafunsa ngati chigawenga chija chagwidwa.

"Sindinamvetse bwino, bambo Tibbs," anatero mayi Pargeter. "Koma zikomo chifukwa cha mpando."

Kwawo moto unali utazima. Anakhala kukhitchini osavula chikhotho, nathokoza Ambuye chamumtima, milomo osaitsegula, kuopa kuti mawu awo angafufute zimene zinali zikadali m'makutu.