Mashelefu ndi Chithunzi cha Mtsogoleri

Komiti ya chitukuko ya ku Lifuwu inakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu. Pulani ya nyumba yatsopano inali pa benchi, itapsinjidwa ndi miyala kuti mwera usaiulutse. Nyumbayo inali yoti ikhale holo ya misonkhano komanso laibulale, ndipo njerwa zake anthu anali ataumba kale.

Amene anajambula pulaniyo ndi Mayi Zuleka Binali, mphunzitsi, mothandizana ndi a Abdulkarim, mmisiri wa matabwa. Mabuku anali kunyumba kwa mayiwo, m'makatoni omangiriridwa kudenga. Anachita kuwapempha ku mishoni, kwa aphunzitsi opuma, ngakhalenso kwa alangizi a pa sikimu ya mpunga. Chaka chapitacho nyanja itasefukira, madzi analowa m'kalasi, mabuku a sukulu n'kusanduka phala iwo akuona. N'chifukwa chake mashelefu anawajambula m'mwamba, kuyambira pachifuwa cha munthu mpaka pafupi ndi denga.

A Wilson, tcheyamani wa chipani m'deralo, anayendetsa chala pa pepalapo mwachifatse.

"Chithunzi cha Mtsogoleri chikhala pati?"

"Apa, bambo, pamwamba pa nsanja yolankhulirapo," anayankha Mayi Binali.

"Ndiye mabukuwa azichiyang'ana ali pamwamba?"

Aliyense ankadziwa kuti m'sitolo kapena mu ofesi, ngakhale wotchi sinkaloledwa kupachikidwa pamwamba kuposa chithunzicho. Koma palibe anaganizapo kuti lamulolo lingakhudze buku la masamu.

"Khomali ndi lalifupi, bwana tcheyamani," anatero a Abdulkarim. "Njerwa tili nazo ndi zomwezi. Wallahi, chithunzi sichingakwere kuposa apa."

"Tsitsani mashelefu. Alekezere m'chiuno basi."

"M'chiuno!" Mayi Binali anadzidzimuka ndi mawu awo omwe. "Chinyezi chija chinakwera khoma mpaka pa zenera. Tikusungira ana mabuku kapena tikuwanyika ngati chinangwa?"

Wina anaseka, kenako n'kusandutsa kusekako chifuwa.

"Aphunzitsi," anatero a Wilson motsitsa mawu, "mukufuna kutiuza kuti mabuku anuwo ndi aakulu kuposa ndani?"

A Abdulkarim anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Mayi Binali ankadziwa kumene funso lotere limafikitsa munthu. Mtima unkawawira. Bambo yemweyu, madzi atalowa m'kalasi muja, anafika ndi bwato, n'kupachula chithunzi, n'kumapita, mabuku akuyandama. Lero ndiye azilamula kutalika kwa shelefu! Mayiwo anayenda wapansi mpaka ku Salima kukapempha mabukuwo, ndiye akawaike okha m'kamwa mwa chiswe?

Mayi Binali anakonza duku.

"Pepani bambo, ndalakwitsa ndine pojambula," anatero. "Ndachititsa manyazi komiti. Chithunzi ndachiika m'munsi kwambiri. Mwamva nokha kuti chinyezi chimakwera. Tsiku lina alendo adzabwera kuchokera ku boma, adzapeza nkhope ya Mtsogoleri itachita nguwi, ndipo adzafunsa kuti anavomereza khoma lalifupi chonchi ndani."

A Wilson anachotsa chala pa pepala paja.

"Ndani wanena kuti ndavomereza?"

"Palibe, bambo. Ine ndimati khomali likwere, chithunzi chikakhale poti madzi sangachilote n'komwe. Vuto ndi njerwa."

"Njerwa si vuto!" anakalipa a Wilson, akuyang'ana aliyense ngati pali wina wakana. "Anyamata a chipani aumba. Mawa lomwe. Inu a Abdulkarim, kwezani khomalo."

"Inshallah," anayankha mmisiri uja. "Nanga mashelefu?"

"Akhale pomwe aliripo, bola akhale pansi pa chithunzi. Mundilembere zimenezo m'maminitsi, kuti ganizo la kukweza khoma lachokera ku chipani."

Msonkhano utatha, a Abdulkarim anawapeza mayiwo akupinda pulani.

"Mwapambana, achemwali. Bwanji nkhope ili gwa?"

"Ndapambana chiyani? Ndinanena za ana, anandiopseza. Ndanena za pepala la m'galasi, njerwa zapezeka."

Anaika pulani m'khwapa, nalowera kunyumba kukaona ngati mbewa sizinaboole makatoni.