Ng'oma Yowotha Moto wa Eni

Nkhaniyi ndinaimva kwa Winfrida, mayi wa ku Chipata amene ndinakhala naye mpando umodzi m'basi yochokera ku Tottenham, kuno kudziko la Azungu. Ine makutu anga sasankha mwini nkhani, ndiye ndinangoti fotokozani mayi, ulendo ufupike.

Kunali ku Edmonton, pa paki, tsiku la chikondwerero cha chaka ndi chaka pamene mitundu yonse ya m'deralo imaonetsa magule ndi zakudya zakwawo. Mwezi unali wa Julaye, nyengo yotentha kuno, koma kunja kunachita ngati Juni wa ku Dedza: kamvula kowaza, kamphepo kolowa mpaka m'mafupa. Amayi a Chimalawi anali atamanga kale zitenje zofanana pamwamba pa majuzi, kudikira kuti aitanidwe akavine chimtali. Woimba ng'oma anali mmodzi yekha, a Biswick Mtambalika, mkulu amene anathawa kumudzi pa nkhani za ndale akadali mnyamata. Ng'omayo anabwera nayo ulendo woyamba umene anakapondanso kwawo zinthu zitasintha.

Anaiyesa ndi chikhatho. Inangoti bwu, ngati munthu wamenya pilo.

"Adadi, yafa iyo," anatero Marjorie, mwana wawo, yemwenso anali wapampando wa gululo. "Last year inatichititsa manyazi. Nyimbo ndili nazo pa foni, tingolumikiza ku sipika basi."

"Siinafe, yazizidwa. Chikopa chikamva chinyezi chimalefuka, chimafuna kuwamba pamoto. Iwe ukadzuka m'mawa sufuna tiyi?"

"Moto muno ndi woletsedwa. Tinagwirizana paja: ikapanda kulira lero, kuyambira pano ndi foni. Ng'omayo tizikaikapo maluwa kunyumba."

A Biswick ananyamula ng'oma yawo. Anaikolekera paphewa n'kuzembera kuseri kwa tenti, kumene anaunjika timakatoni ndi nyuzipepala. Machesi atangoti phwa, mlonda wa jekete lachikasu anali atafika kale.

"Bwana, mukutani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Ng'oma yanga ikumva kuzizira," a Biswick anayankha m'Chingerezi chomwecho, mwaulemu wonse.

Mlondayo anawayang'ana mwachifundo. Anaponda kamotoko, kenaka n'kufunsa motsitsa mawu ngati agogo abwera ndi wina wowayang'anira, ndiponso ngati amwa mankhwala awo m'mawa uno.

Mkuluyo anachoka akukukuta mano. Anayesa kuifungatira ng'omayo m'chikhoti ngati khanda, osathandiza. Ndiye mphepo inawabweretsera fungo la nkhuku yootcha. Kumapeto kwa paki kunali kufuka utsi wa Etta, mayi wa ku Jamaica amene ankaotcha nkhuku mu diramu yodula pakati. Ogulitsa zakudya okha ndiwo anali ndi chilolezo cha moto. Koma vuto linalipo: amene anachititsa kuti Etta amuponye kumapeto kumeneko anali a Biswick omwewo. Chaka chatha anakadandaula kwa okonza chikondwerero kuti utsi wake ukuwatsokomoletsa komanso ukununkhitsa zitenje za amayi.

Anaima kaye. Pa sipika analengeza kuti akatha a ku Ghana, kubwera Amalawi. Basi anapita kwa Etta.

"Mayi, pepani. Diramu yanga ikufuna moto."

Paja Mzungu ng'oma ndi mgolo amazitchula dzina limodzi. Etta anayang'ana mgolo wake, anayang'ana ng'oma, n'kuphulika kuseka.

"Yanga ili ndi moto koma siilira, yanu imalira koma ilibe moto! Taimani... si inu madala aja a chifuwa chosakhwima? Utsi wanga lero wasanduka mankhwala?"

"Ndine ndemwe, mayi. Ndinalankhula mopupuluma."

"Isendezeni pafupi. Koma podikira mudye ntchafu iyi ndi tsabola wanga, anthu onsewa akuona. Mukatha munene ngati ndimadziwa kuphika."

"Tsabola? Ife tinaleredwa ndi kambuzi, mayi. Wanuyo ndi wa ana a sukulu."

Analuma. Poyamba ankamwetulira. Kenaka chipewa chinavulidwa, kenaka chikhoti, misozi ili mbwee, anthu apamzere akuwaombera m'manja. Koma dzanja lamanzere silinaiwale ntchito: linkatembenuza ng'oma pang'onopang'ono pambali pa makala, chala chikugogoda. Bwu. Bu. Kenaka mawu anayamba kukwera ngati munthu wodzuka kutulo. Nde! Nde-nde!

Nthawi imeneyo amayi anali atakwera kale pa nsanja, Marjorie chingwe cha sipika chili m'manja, akusaka nyimbo pa foni. Anamva ng'oma ikuitana kuchokera mu utsi. Mayi wina anaimba nthungululu. Marjorie anakodola bambo ake kuti afulumire, koma iwo anapukusa mutu. Ankadziwa kuti akangoichotsa pamoto n'kudutsa nayo paki yonse mu kamvula kaja, ikafika itagonanso.

Amayi anayang'anana. Amene anali kutsogolo anatsika masitepe chovina, anzake pambuyo, mzere wonse kulunjika kwa Etta. Anthu oonerera anatembenuka n'kuwatsatira, ngakhale mlonda uja, amene anafika n'kuima kukamwa kuli yasa. Bwalo linazungulira mgolo wa nkhuku, zitenje zikumwa utsi, palibe anatsokomola. Etta ankavina ndi mphanda yotembenuzira nyama m'manja, ndipo nkhuku zake zinatha dzuwa lisanaganize n'komwe zotuluka.

Marjorie anafika pomalizira, foni ili m'thumba.

"Adadi, mukulira?"

"Ndi tsabola, mwanawe."

"Nanga si munati ndi wa ana a sukulu!" anakuwa Etta.

Asanapasule tenti, Marjorie anapita kwa okonza chikondwerero kukapempha kuti chaka chamawa Amalawi awaike moyandikana ndi mgolo wa Etta, mbali imene utsi umalowera. Maluwa aja ofuna kuika pa ng'oma anawagulira tebulo.

Winfrida anamaliza ndi kunena kuti mpaka lero ng'omayo imanunkhira nkhuku, moti a Biswick akakwera nayo basi agalu a Azungu amawalondola mpaka pampando. Zinazo ndinavomera. Koma za agaluzi ine ndikukayika, chifukwa mayiyu anazinena basi itaima kale, mwendo umodzi uli panja.