Mpando wa Malemu Bambo

Kachinkhwe ka m'nyumbamo kanali katatafuna kale mphonje za katani ndi felemu ya chithunzi cha ukwati, Mayi n'kumangopirira. Koma atapeza mkono wa mpando wansungwi wa malemu amuna awo utanyenyeka, anapsa mtima.

Anayesa zonse. Anapaka tsabola pampandopo, anauphimba ndi bulangete, anakaikira kanthambi m'khola mwake kuti kazitafuna. Ayi ndithu, kakangotuluka kankalunjika pomwepo.

"Iwe, mawa kambalame aka kakupita kwa amalume ako," anauza mwana wawo wamkazi, yemwe chimwalirire bambo ake ankacheza ndi mbalameyo basi. "Ndatopa kusesa zinyenyeswa ngati ndinakwatiwa ndi kalipentala."



Madzulo akukutumula bulangete lija, Mayi anaona njere za mbalame zitafinyikizidwa m'mipata ya nsungwi.

"Waika izi ndani?"

"Ndine, amayi. Ababa ankatero. Kakatera pamenepo, ndimaona ngati akadali pompo."

Mayi anaima tsache lili m'manja, maso ali pamkono wa mpandowo, umene unali utatsala theka. Kenaka anapinda bulangetelo n'kukaliika m'kabati.

"Tsono uzisesa wekha," anatero.