Zidindo za Malemu Pilato

Eneles anafika pabwalo la boma dzuwa litakwera kale, kamphika ka inki kali pamutu, chipande chili m'manja. Linali tsiku la chionetsero cha ntchito zamanja. Amayi a ku Thuchila anayala miphika, osula anandanditsa makasu ndi nkhwangwa, ena malichero. Iye sanayang'ane chilichonse. Ankafuna munthu mmodzi, ndipo anamupeza pansi pa mtengo wa mbawa. Anali mlamu wake Yosefe, atayala timabuku ta malemu mwamuna wake pamphasa ngati mbatata ya m'munda mwake.

Mwamuna akamwalira, abale ake amatuluka ngati ngumbi mvula ikagwa. Pilato anadwala chifuwa miyezi isanu, Yosefe osabwera ngakhale ndi chikho cha madzi. Koma tsiku losudzula Eneles, Yosefe ndiye anali woyamba kulowa m'nyumba. Ananyamula dengu la zidindo, timatabwa ta mkungudza timene Pilato anasemapo zilembo ndi zithunzi, luso limene anaphunzira kwa osindikiza mabuku ku mishoni. Anatenganso mpeni wosemera ndi timabuku tonse. Kamphika ndi chipande anazisiya, ankayesa ziwiya zophikira.

"Alamu, ndadzatenga zidindo zanga."

"Zanu?" Yosefe anaseka osadzuka. "Inu mumadziwa kuti A ndi uti?"

"A sindimudziwa. Koma mwaye wa inki ndinkapala ine, mafuta a nsatsi ndinkayenga ine, mapepala ndinkatikita ine ndi chipande ichi. Chiwondo cha pachikuto cha timabukuto anasoka ndani? Inu munali kuti?"

"Katundu wa mwamuna amabwerera kwawo. Pitani mukalime, alamu, maudzu sadikira wamasiye."

Eneles asanayankhe panaima bambo wina wovala jekete yoyera, Hudson, kalaliki wa kumunda wa tiyi. Anatola kabuku nkuyamba kutsegula: tambala, mbuzi, phiri, chithunzi chilichonse ndi dzina lake pansi.

"Mwapanga ndinu, bambo?"

"Manja awa," anatero Yosefe.

Eneles analavula malovu pansi.

"Ndiye mundisemere chidindo cha dzina langa," anatero Hudson. "Anzanga akabwereka mabuku anga amaiwala mwini wake. Koma lero lomwe, masana ndikubwerera."

Yosefe sanaganize kawiri. Sukulu anapitako, dzanja lake polemba linali labwino. Anatembenuza chidindo chimodzi, nalemba dzinalo kumbuyo kwake ndi khala, nkuyamba kusema, lilime lili kunja.

Eneles sanathe kukhala. Anakhala pamuzu, anadzuka, anazungulira mtengo, anabwereranso. Atasuzumira paphewa la mlamu wake, anaona vuto. Maina a zilembo sankawadziwa, koma zaka zisanu ndi zitatu ankazipukuta, ndipo ankadziwa kumene mimba ya chilichonse imaloza. Chilembo cha mimba yaikulu chija chinkaloza kolakwika. Thabwa labwino, lochokera pamwamba pa phiri, linkaonongeka iye akuona. Anafuna kukuwa. Analuma mlomo.

"Alamu," anatero Yosefe atamaliza, mawu atafewa, "tabwerekeni inkiyo."

"Ziwiya zophikirazi?"

"Musatichititse manyazi pa alendo."

Eneles anagwada. Anaviika kansanza m'kamphika, napaka pachidindocho, naika pepala pamwamba, nkulitikita ndi msana wa chipande mpaka m'mbali monse. Kenaka analisenda pang'onopang'ono nkulipereka kwa mwini dzina.

Hudson analiyang'ana, nalitembenuza, naliyang'ananso.

"Ichi nchiyani? Dzina langa layambira kumchira. Zilembo zandifulatira."

"Likuthawa msonkho limenelo," anatero mayi wina wogulitsa miphika. "Likubwerera kwa Apwitikizi."

Anthu anaseka, ena nkusiya malonda awo kudzaona. Hudson yekha sanaseke.

"Dzina la munthu wamoyo salitembenuza chonchi. Mukundifunira chiyani, bambo inu?"

"Ndi inkiyi," anatero Yosefe, thukuta likutsika. "Mkaziyu waithira kanthu."

"Inki ilibe maso, alamu. Tengani chidindo chilichonse cha mbale wanu muchione bwino."

Yosefe anapisa m'dengu, natulutsa chimodzi, kenaka china. Zilembo zonse zinali zotembenuka. Masiku anayi anazisunga m'nyumba mwake osaziyang'anitsitsa.

"Chimene wasema chagada chimadzuka papepala," anatero Eneles. "Safunsa anadya phula."

Hudson anatembenukira kwa iye. "Mayi, inu mungathe?"

Eneles anali asanagwirepo mpeniwo. Ankangoona Pilato akusema, iye ali pambali kusoka. Akalephera pano, pamaso pa anthu onsewa, dengu lipita ndi Yosefe, ndipo palibe amene adzamumvere chisoni.

"Ndingathe. Koma sindisema pakatundu wa eni. Dengu libwere kuno, mpeninso, anthu onsewa akuona."

Yosefe anayang'ana anthu, nayang'ana jekete yoyera ija. Anayesa kumwetulira.

"Alamu, tisakangane ngati ana. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Inu muzisema, ine ndizigulitsa."

"Nsabwe zanga ndiswa ndekha."

"Mpatseni, bambo," anatero mayi wa miphika uja. "Inu mungaseme dzina la mfumu chafutambuyo, mudzi wonse nkukagona kundende."

Yosefe anakankha dengu ndi phazi, naponya mpeni pamwamba pake. Koma timabuku anatikulunga m'mphasa nkuika kukhwapa.

"Iti ndiye simutionanso."

Analowa pakati pa anthu. Eneles anaona ntchito ya miyezi itatu, yomwe inamuboola zala, ikupita kukhwapa kwa munthu amene sanasokepo ngakhale tsamba limodzi. Miyendo inafuna kumutsatira. Anakokera dengu pakati pa mapazi ake nkukhala pansi.

Anapala zilembo za Yosefe mpaka thabwa linasalala. Kenaka anapatsa Hudson kamtengo kosongoka ndi pepala.

"Lembani dzina lanulo, inki ichuluke. Fulumirani isanaume."

Hudson analemba. Eneles anagwadika pepalalo pathabwa likadali lonyowa, nalisindikiza ndi chikhatho, nkulichotsa. Zilembo zinatsala pamenepo, zakuda, zotembenuka bwinobwino. Anthu anayandikira.

Anagwira mpeni. Anatsamiritsa mkono pabondo. Hudson anawerama kuti aone, mthunzi wake nkugwera pathabwa.

"Akalaliki, mwanditchinga kuwala. Sunthani."

Hudson anasuntha. Nsonga ya mpeni inalowa m'mbali mwa chilembo choyamba, ndipo kaphalapala koyamba kanagwera pansalu yake.