Kompyuta m'Kanyumba ka Nkhunda Zodwala

A Odiel Claeys ankadziwa nkhunda yodwala pongoiyang'ana m'diso, koma kompyuta yawo inawagwiritsa njakata. Kwa masabata atatu inkayamba kulandira zigamba za chitetezo zija amati apudeti, n'kufika pakatikati, kenako n'kulemba kuti zakanika, ikubwerera m'mbuyo. Inkachedwa kudzuka ndipo inkalira ngati ili ndi chifuwa. Mkuluyu anati ndi vairasi basi, nachita zomwe woweta nkhunda za mpikisano aliyense kwawoko ku Flanders amachita ndi mbalame yodwala: anazula chingwe cha intaneti n'kukaiika payokha m'kanyumba ka nkhunda zodwala.

M'kompyutamo munali kaundula wa nkhunda zawo wa zaka makumi asanu, iyi inabadwa kwa iyi, womwe anakopera m'buku la malemu bambo awo chinyezi chisanalimalize. Wodziwa makompyuta m'mudzi monse anali mmodzi yekha, a Staf Bogaert, mnzawo wa paubwana komanso mdani wawo wa Lamlungu lililonse la mpikisano. Vuto linagona pamenepo. Mzere woyamba wa kaundulayo unkaulula kuti thadzi lomwe linabala mtundu wonse linasokera kuchoka m'khola la bambo a Staf, ndipo silinabwezedwe. A Odiel ankachita nawo manyazi mzerewo, koma kuufufuta ankaona ngati kunamiza bambo awo.

"Bambo, zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero akazi awo a Godelieve tsiku lina m'mawa, akudula buledi. "Chikafa chinthucho mudzalirira ndani? Ndawaimbira kale a Staf."

A Staf anafika panjinga khofi asanazizire. Ataona kompyuta ili pashelefu pakati pa mabotolo a mankhwala a nkhunda, anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Nkhalamba iwe, waimwetsanso adyo?"

"Usandiseke. Ndimaopa ingapatsire foni ya mayiwa."

"Kuzula chingwe sunalakwe, ngati ilidi ndi vairasi. Koma fumbi ili! Tiye nayo kukhitchini."

A Staf anailumikiza, nayendetsa pulogalamu yosaka mavairasi, yoyamba kenako yachiwiri yochokera pa kafulashi kawo. Zinatenga maola awiri, iwo akudya buledi wa tchizi ndi kukangana za mphepo ya Lamlungu lapitalo. Vairasi sanapezeke ngakhale mmodzi. Ndiye a Staf anayang'ana malo otsala m'kompyutamo n'kuimba mluzu.

"Odiel, izi n'chiyani? Zithunzi zikwi khumi ndi zinayi!"

"Maso a nkhunda. Liwiro la mbalame limaoneka m'diso, iwenso ukudziwa."

"Ine bodza limenelo ndinalisiya kalekale. Kompyuta yako sikudwala, yakhuta. Apudeti ikafika imasowa pokhala, n'kubwerera."

Anasamutsira maso onsewo m'kabokosi kosungira zinthu komwe a Staf anabwera nako. Apudeti inayamba, inadutsa pomwe inkakanikira paja, inafika kumapeto, kompyuta n'kuzima n'kuyakanso yokha mwakachetechete. A Odiel anasangalala ngati nkhunda yawo yatera yoyamba pa mpikisano wochokera ku France. Chisangalalocho sichinakhalitse.

"Tsopano titsegule kaundula wako tione ngati ali bwino, timukoperenso pena," anatero a Staf.

"Ali bwino ameneyo, musiye."

"Wamuona liti? Ine sindichoka ndisanaone ndi maso anga."

Anatsegula. A Odiel anayang'ana kuwindo, makutu akuwatentha. A Staf anakankhira magalasi m'mwamba nawerenga mokweza, pang'onopang'ono: "Thadzi lotuwa, 1974. Linasokera kuchoka kwa a Bogaert. Sitinabweze."

A Godelieve anasiya kutsuka makapu.

"Ndinkafuna kukuuza," anayamba a Odiel.

"Kundiuza chiyani? Bambo anga ankaliona m'mawa uliwonse lili padenga panu! Ankati kwathu linali laulesi, ngati kwa a Claeys likupambana, likhale konko." A Staf anapukuta misozi ya kuseka. "Nanga mazira awiri a thadzilo omwe tinkawapeza pakhomo m'chipewa chakale chaka chilichonse, ukuganiza ankasiya ndani? Bambo ako ankayesa sitikuwaona."

A Odiel anakhala pansi. Za mazirazo anali asanamvepo chibadwire.

"Ndiye kuti nkhunda zako zimandipitirira zija..."

"N'zidzukulu za thadzi lomweli. Zaka zonsezi takhala tikuthamangitsa nkhunda zapachibale." A Staf anabayanso kafulashi kawo m'kompyutamo. "Undikopereko, mnzanga. Kaundula wanga alibe zaka khumi zoyambirira, bambo sankalemba."

A Odiel anakoka mpando, nakopera okha ndi dzanja lawo.