Mzati Wothyoka pa Mamonita Awiri

Pashopu pathu amanditchula kuti Kabawi, ndipo dzinali sindinachite kupempha. Linabwera lokha zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, tsiku limene ndinaona kadontho kakufa, kosayaka, pa sikirini ya monita yatsopano ndili chiimire pakhomo. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna monita yosewerera magemu amayamba wafunsa kuti Kabawi wati chiyani. Pa benchi yoyandikana ndi yanga pamakhala alamu anga, alongo awo a akazi anga, amene anthu amawati a Mawaya. Manja ali nawo, zimenezo sindikana. Koma diso pashopu pano ndi langa.

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina amene akutsegula holo ya magemu pamwamba pa sitolo ya nsapato. Sanakhale n'komwe pansi.

"Ndikufuna mamonita makumi awiri, onse ofanana," anatero. "Ena akuti ndigule a sitika yobiriwira, ena akuti yofiira. Mutu wanga wazungulira. Ndibwera Lachinayi, a Kabawi mudzangondilozera."

Nkhani ya masitikawa ndi iyi. Mu kompyuta muli khadi imene imajambula zithunzi za gemu, ndipo imajambula mosinthasintha, pena mofulumira, pena mochedwa. Monita wamba ilibe nazo ntchito zimenezo, imangoonetsa pa liwiro lake limodzi. Ziwirizi zikasemphana, theka lapamwamba la sikirini limaonetsa chithunzi chatsopano, lapansi likadali ndi chakale, ndiye timati chithunzi chang'ambika. Zili ngati anthu awiri onyamula tebulo pa masitepe, wina akuthamanga wina akuzengereza. Makampani awiri opikisana anapeza njira yoti monita izidikira khadi. A sitika yobiriwira anaika kachipangizo kawokawo mkati mwa monita. A sitika yofiira anati kachipangizo n'kosafunika, njira yawo ndi yotseguka kwa aliyense. Ine ndine wa yobiriwira. Alamu ndi a yofiira, ndipo takhala tikukangana za zimenezi mpaka pa maukwati a abale.

"Ulendo uno mugwa nayo, alamu," anatero a Mawaya mayi uja atangotuluka. "Kachipangizo kanuko n'chipewa chabe. Mutu ndi womwewo."

"Inu zilumikizani mawaya," ndinawayankha. "Zoona ndi maso musiyire eni ake."

Ndinaika mamonita awiriwo pa benchi, iliyonse ndi kompyuta yake, n'kutsegula gemu ya mpikisano wa magalimoto. Ndimaikonda poyesa chifukwa m'mbali mwa msewu wake muli mizati ya magetsi yambirimbiri, ndipo mzati woongoka subisa kanthu. Ndinayamba ndi yofiira. Ndisanamalize ngakhale ulendo umodzi, ndinauona. Mzati unali wothyoka pakati, chapamwamba chitasunthira pang'ono kumanzere. Wotsatira chimodzimodzi. Mtima wanga unachita kuvina.

"Alamu, tabwerani mudzaone manyazi a kwanu!"

Anabwera akupukuta m'manja, nawerama, natong'ola maso kwa nthawi ndithu.

"Pati?"

"Apa! Mzatiwo simukuuona?"

"Ndikuuona. Waima bwinobwino ngati msilikali."

Ndinawaseka kwambiri. Ndinati n'chifukwa chake iwo ndi a Mawaya, ine ndine Kabawi. Anangopukusa mutu n'kubwerera ku benchi yawo, koma ndinaona kuti anandicheukira kawiri.

Lachiwiri ndinakhala pa yobiriwira kuti ndingotsimikiza, poti yankho ndinali nalo kale m'thumba. Galimoto inanyamuka, mizati inayamba kudutsa. Woyamba unali wothyoka. Ndinaphethira. Wachiwiri wothyoka, pamalo omwewo, kusunthira kumanzere komweko. Ndinabisa gemuyo pa sikirini msangamsanga ngati munthu wogwidwa akuwerenga kalata ya eni.

Tsiku lonselo sindinakhale pansi. Ndinalowa m'zosankha za monita kukaona ngati njira ija yodikira khadi inali yoyatsa, ndipo inali yoyatsa. Ndinasintha chingwe. Ndinatenga china m'bokosi losatsegula. Ndinachotsa mapulogalamu a khadi n'kuikamo atsopano. Ndinazula khadiyo, kuiuzira fumbi limene panalibe, n'kuibwezera. Ndinachepetsa liwiro la gemu, kenako ndinalikweza. Ndinapita kumbuyo kukamwa madzi, ndinabwerako, ndinapitanso. Mzati unali chithyokere.

"Mukuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira," anatero alamu osadzutsa mutu. "Yobiriwira yatani?"

"Ili bwino. Ndikungopukuta."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu."

Ndinapsa mtima chifukwa mwambiwo ndi wanga, ndimauza makasitomala opupuluma. Ndinaganiza kuti mwina a Mawaya andichita chipongwe, asinthanitsa masitika kuti andiyese. Iwo atapita kukadya, ndinatembenuza mamonita onse n'kuwerenga manambala a kumbuyo. Panalibe chimene chinasinthidwa. Ndinachita manyazi ndekha m'shopu mopanda munthu.

Akazi anga ndi telala, makina awo amakhala pabalaza pafupi ndi zenera. Lachitatu ndinaweruka msanga, ndipo ndinawapeza akupinda siketi ya yunifomu. Ndinakhala pa mpando, ndinadzuka, ndinatsegula firiji, ndinaitseka osatengamo kanthu.

"Inu bambo, khalani pansi, mukundichititsa chizungulire," anatero. "Achimwene akuti simukudya n'komwe kuntchito."

"Achimwene anuwo ali ndi pakamwa. Chithunzi chikung'ambika, basi. Mamonita onse awiri."

"Iwo akukuona kung'ambikako?"

"Iwo aona chiyani?"

Anaimitsa makina. Ananyamula siketi ija n'kuiyendetsa m'mwamba, uku ndi uku.

"Ine za makompyuta sindizidziwa," anatero. "Koma nsalu ikang'ambika, pong'ambikapo pamayenda ndi nsaluyo. Tsiku lina ndinaona banga pa diresi ya kasitomala, ndinachapa kawiri. Kenako ndinaliona pa khoma. Linali pa magalasi anga."

"Ine sindivala magalasi."

"Ndikudziwa. Dzulo tiyi munathira m'mbali mwa kapu."

Ndinawauza kuti kapuyo ndi yopapatiza kukamwa. Ndinatuluka panja ndili wokwiya, ndipo ndinakwiya kwambiri chifukwa ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene mlendo aliyense pantchito yathu amachidziwa. Mzere wa chithunzi chong'ambika sukhala malo amodzi. Umakwera, umatsika, umasowa, umabweranso. Wanga unkakhala paliponse pamene ndayang'ana. Ndinayenda mpaka pa mphambano n'kubwerera, maso ali pansi, osafuna kuyang'ana mzati uliwonse wa mumsewu. Kunena zoona, ndinkaopa.

Lachinayi mayi wa holo anafika nthawi ya teni, atatenga kope ndi cholembera. Ndinali nditakonza kale zonena. Ndikanangoloza yobiriwira, iwo n'kulemba, nkhani n'kutha. Koma alamu anali atamata tepi yakuda pa masitika onse awiri ndi pa mayina a makampani, ndiponso anali atasuntha mamonitawo.

"Mayi, a Kabawi safuna sitika," anatero akumwetulira. "Amaona ndi diso. Akuuzani okha kuti iyi ndi iti, iyo ndi iti."

Masewera amenewa ndinawayambitsa ndine, kalekale, pofuna kudzionetsera, ndipo kawirikawiri ndinkalondola. Pa malo amdima a gemu, liwiro likatsika, monita ina imachita kuthwanima pang'ono, ina imasiya kamthunzi kumbuyo kwa galimoto, ndipo tinthu timeneti ndinkatigwira. Tsono kukana kukanakhala kudziulula. Ndinakhala pansi. Mizati inayamba kudutsa pa monita ya kumanzere, yothyoka. Ndinasamukira pa ya kumanja, yothyoka. Pakati penipeni pa chilichonse chimene ndinkayang'ana panali ngati padontha madzi. Kuthwanima sindinakuone, kamthunzi sindinakaone. Mayi uja ankagogoda kope ndi cholembera.

"Mayi," anatero alamu mwadzidzidzi, "galimoto yoyera ija ndi yanu? Mwatsekereza a lole ya katundu, ayamba kulalata. Taisunthani pang'ono, tikudikirani."

Mayi anatuluka mothamanga. Kunja kunalibe lole iliyonse, ine ndinkadziwa. Chitseko chitangotsekeka, alamu anatambasula dzanja pamwamba pa phewa langa n'kudina batani loimitsa gemu. Galimoto inaima. Mitambo inaima. Mzati umodzi unatsala pakati pa sikirini.

"Nanga pano?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinauyang'anitsitsa mzatiwo. Chithunzi choima siching'ambika. Khadi ikujambula chomwechomwecho, chapamwamba ndi chapansi n'chimodzi, palibe choti chisemphane. Ndaphunzitsa anthu ambiri zimenezi ndi pakamwa panga pomwepa. Mzati unali wothyoka.

"Tsekani diso limodzi, alamu."

"Musandilamule pa benchi yanga."

"Chonde. Tsekani."

M'zaka zonsezi a Mawaya anali asanandiuzepo kuti chonde. Ndinaphimba diso lakumanzere ndi chikhatho. Mzati unaongoka kuti nji, wokongola, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndinasuntha chikhatho n'kuphimba lakumanja. Unathyoka. Ndinadzutsa mutu. Felemu ya chitseko inali yothyoka. Shelefu ya zingwe inali yopindika pakati. Ndinatembenukira kwa alamu, ndipo mphuno yawo inali itakhotera kumbali, diso limodzi lili m'munsi mwa linzake. Pa tsiku lina ndikanawaseka mpaka misozi. Misozi inabwera ndithu, koma kuseka ayi.

"Mlongo wanga anandiimbira dzulo," anatero. "Ine ndinayamba kukayikira Lolemba lomwe lija. Tepiyi ndinamata kuti mudzionere nokha, chifukwa ndikanakuuzani ine mukanati ndi nsanje ya yofiira."

"Mukanandisiya ndiloze yobiriwira."

"Mukhoza kuloza. Yobiriwira ndi ya kumanjayo. Mayi akabwera nenani, ine ndikhala chete, ndipo palibe adzadziwe. Kenako tipite kuchipatala cha maso. Zina zotere zimapola, koma wonena zimenezo ndi dokotala, osati inu kapena ine."

Anandipatsa dzina langa m'manja, kuti ndilisunge kwa tsiku lina limodzi. Ndinayang'ana monita ya kumanja. Zinali zophweka kwambiri. Koma mamonita makumi awiri akanakakhala mu holo ija zaka zisanu, ana a eni akusewererapo, ndipo aliyense wofunsa akanauzidwa kuti anasankha ndi Kabawi, anaona ndi diso lake.

Mayi analowa akupuma mofulumira.

"Lole yake iti? Kulibe lole kunjaku. Chabwino, a Kabawi, mwaona chiyani?"

Ndinaimirira. Ndinagwira m'mphepete mwa benchi.

"Mayi, ine sindinaone kanthu. Diso langa lavuta sabata ino, ndipo zonse zimene ndikanakuuzani zikanakhala zapamtima chabe. Funsani a Mawaya. Ayang'ana mamonita awiriwa masiku anayi ndi maso abwino."

Cholembera chinasiya kugogoda. Mayi anandiyang'ana, nayang'ana alamu. Alamu anakanda kumutu, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni anasowa nthabwala.

"Pa magemu a ana anu, mayi, onse awiri akugwira bwino," anatero pomaliza. "Kung'ambika sindinakuone pa iliyonse. Chachikulu n'chakuti sitika igwirizane ndi makhadi amene muli nawo kale. Mawa ndibwera ku holo ndidzaone makompyuta anu, ndipo ndidzakuuzani."

"Basi? Mkangano wonse uja?"

"Mkanganowo ndi wa pachilamu, mayi. Simungaumvetse."

Mayi atapita, ndinayamba kusonkhanitsa zingwe zimene ndinamwaza sabata yonse, kenako ndinazisiya. Ndinafuna kuzimitsa makompyuta, ndinasiyanso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndinatenga makiyi a galimoto pa msomali n'kulunjika pakhomo kuti ndipite kuchipatala. Alamu ananditsekereza, dzanja lili chitambasulire.

"Bweretsani kuno."

"Ndi galimoto yanga."

"Ndikudziwa. Mizati ya kunjaku siima munthu akadina batani."

Ndinawayang'ana ndi diso labwino lija. Nkhope yawo inali yoongoka, ndipo sankaseka. Ndinaika makiyi m'dzanja lawo, n'kukakhala ku mpando umene ndinali ndisanakhalepo chigulireni galimotoyo.