Mpando wa Pakati pa Masipika Anayi

Jailosi anasunthanso mpando uja, n'kukhalapo, n'kudzukanso. Unali usanafike pakati penipeni. Sipika ya kukhomo inkamveka kuposa zinzake, pomwe iye ankafuna kuti Loveness akadzakhala pamenepo, zonse zinayi zidzamupeze mofanana.

Zipangizozi anamupatsa ndi amalume ake, a Adamson, amene ankaphikira dokotala wina wachizungu ku Lilongwe. Pobwerera kwawo, dokotalayo anawasiyira wailesi ya masipika anayi ndi zimbale zodzaza katoni. Amalume anayesa chimbale chimodzi, n'kupukusa mutu.

"Nyimbo yopanda mawu, yopanda ng'oma, munthu avine bwanji? Tenga iwe wokonza mafoniwe, mwina uchotsamo mawaya."

Jailosi sanachotsemo mawaya. Anaika sipika iliyonse pangodya yakeyake, n'kulumikiza ku batire ya sola, ndipo tsiku limenelo anaiwala kudya. Oimbawo anali anayi okha: atatu a mavayolini, wachinayi wa chivayolini chachikulu chokhazika pansi, cholira mawu a besi. Ukakhala pakati, aliyense ankachokera kumbali kwake, ngati anthu akuzungulira n'kumakambirana za iwe. Panali malo ena pomwe kavayolini ka mawu ang'ono kankafunsa, kufunsanso, kenaka onse zii, ndiye chachikulu chija n'kuyankha kuchokera kumbuyo. Pamenepo m'pamene Jailosi anakonza zoti adzamuuze Loveness zakukhosi kwake.

Loveness, mwana wa aphunzitsi, ankaimba naye kwaya ya kumpingo kuyambira ali kusekondale. Pochokera kokonzekera nyimbo ankabwerera limodzi, Jailosi akukankha njinga imene akanatha kukwera. Mawu enieniwo anali asanawatulutse. Ankati mawu wamba sangakwane.

"Ndibwera Loweruka," Loveness ankatero. Ma Loweruka ankadutsa.

Lero dzuwa linafika pamutu, uthenga wake pafoni utawerengedwa koma osayankhidwa. Jailosi mtima unamuwawa. Anatsekula mawindo onse ndi chitseko, n'kukweza wailesi mpaka pamapeto. Kwa aphunzitsi kunali kuseri kwa tchalitchi basi. Ngati iye sabwera, nyimbo imutsatira komweko. Anakhala pampando paja, n'kutsinzina.

Anaiwala chinthu chimodzi. Mudzi wonse unkadziwa kuti amayi ake, a Benedeta, anagonekedwa kuchipatala ku Namitete ndi chibayo.

Chimene chinamutsegula maso ndi mfuu ya pakhomo.

"Mlamu wanga ine! Benedeta ine, wandisiya ndi yani!"

Anali azakhali ake, a Zelifa, matope a kudimba ali m'miyendo, manja ali kunkhongo. Jailosi anathamangira panja. Azimayi anali atakhala kale pakhonde, maduku kumutu, ena akubwera m'njira ndi nkhuni. Azibambo anali pansi pa mtengo wa mango. Kumsewu anyamata anali ataika kale masamba uku ndi uko, ndipo wapanjinga wina anatsika n'kuvula chipewa.

"Azakhali, amayi ali moyo! Ndalankhula nawo m'mawa womwe uno!"

"Usabise mwanawe, limba mtima."

"Ndithu ali moyo!"

A Samson, mkulu wa mpingo, anaimirira pang'onopang'ono. "Nanga nyimbozi? Ife zoterezi timazimva pa wailesi kukagwa mtengo waukulu. Iwe ukuziika masana, mawindo pululu, mayi ako ali m'chipatala. Umati tiganize kuti kuli ukwati?"

Jailosi anazimitsa wailesi, n'kuimba foni, n'kuikweza kuti onse amve.

"Ndafa ine?" anatero mawu a amayi ake. "Ndikudya nthochi pano. Anditulutsa mawa. Zelifa, ngati walira kale, misoziyo usunge, sudzalira kawiri."

Khonde lonse linafa nacho chiseko. Azakhali anapukuta m'maso ndi chitenje, n'kumuloza chala. "Walira mvula walira matope. Nkhunizi sitibwerera nazo, koma tiyi utiphikira."

Anthu asanabalalike, njinga yamoto inaima pamasamba paja. Kumbuyo kunatsika Loveness, chitenje chomangidwa mothamanga, maso ali psuu. Sanaone n'komwe kuti anthu akuseka. Anafika pa Jailosi n'kumugwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Pepa, Jailosi. Pepa kwambiri."

Kanali koyamba kumugwira dzanja. Jailosi analakalaka bodza la maliroli litakhalitsa pang'ono.

"Kulibe maliro, mwanawe," anatero a Samson. "Ndi mnzakoyu ndi zoimba zake za azungu."

Woyendetsa njinga uja anaikankha mwaulemu mpaka pamtengo wa mango, n'kuyamba kupereka moni kwa azibambo mmodzimmodzi, atagwira chigongono. Jailosi ankamudziwa: Rodwell, wogula soya wa ku Nsaru.

"Koma aphunzitsi apeza mkamwini waulemu," mayi wina anauza mnzake pakhonde, mosanong'ona n'komwe. "Chinkhoswe ndi mwezi wamawa, koma wayamba kale kuyenda maliro a m'mudzi muno."

Loveness anasiya dzanja lija.

"Ndi zoona, eti?" anafunsa Jailosi.

"Ndimafuna ndikuuze ndekha. N'chifukwa chake ndimalephera kubwera."

Jailosi anayang'ana pansi. Nyerere zinkakoka chiwala chakufa pafupi ndi phazi lake. "Poti wafika, lowa umve. Pang'ono pokha."

Loveness anacheukira kumtengo wa mango, n'kulowa. Jailosi anamukhazika pampando paja, n'kutsitsa wailesi, n'kuyambitsa nyimbo. Iye anaima kukhoma.

Vayolini yoyamba inayamba kumanzere. Loveness anatembenukira komweko. Ina inalowa kumanja, iye n'kutembenukanso. Chachikulu chija chitabuula kumbuyo kwake, anadzidzimuka, n'kugwira pamtima, n'kuseka pang'ono.

"Ayi, zili ngati alowa m'nyumba muno. Kunja kuja zimangomveka ngati kulira."

"Ukhale pakati ndiye umawamva."

Anamvetsera ndithu, mutu uli chopendekera monga ankachitira ku kwaya pofuna kugwira alito. Jailosi ankayang'ana khutu lake, ndi kaulusi ka duku kamene kanagwera patsaya. Zonse zinali monga ankaziganizira.

"Ndiye zimene umandiitanira n'zimenezi?"

"Pali malo ena kutsogoloku. Ndimafuna pamenepo ndikuuze mawu."

Loveness sanafunse kuti mawu anji. Anapinda ngodya ya chitenje, n'kuipindanso.

"Jailosi, njira ya kutchalitchi ija taiyenda kangati? Ndinkachedwetsa dala mapazi. Iwe n'kumandiuza za mavayolini. Rodwell anangobwera tsiku limodzi n'kunena, mawa lake n'kutuma amalume ake."

"Ndinkafuna zidzakhale bwino."

"Zikanakhala bwino ngakhale pachitsime."

Kavayolini kaja kanayamba kufunsa. Kunja hutala ya njinga inalira kamodzi, mwaulemu. Loveness anaimirira.

"Dikira, patsala pang'ono. Chachikulucho chiyankha."

"Akundidikira. Amayi akabwera uwapatse moni."

Anatuluka. Kavayolini kanafunsanso, onse n'kukhala zii, ndipo chachikulu chija chinayankha bwinobwino kumbuyo kwa mpando wopanda munthu.

Azakhali a Zelifa anasuzumira pakhomo. Anayang'ana mpando, anayang'ana mnyamatayo, ndipo chipongwe chimene anabwera nacho chinawathera m'kamwa.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwana wa achimwene," anatero motsitsa. "Tiyi uja usavutike naye. Koma masamba aja akadali pamsewu. Ndiwatume anyamata?"

"Asiyeni kaye, azakhali."

"Iwe! Mayi ako adzatsike minibasi mawa n'kupeza masamba pakhomo pawo? Ufuna tidzalire zenizeni?"

Jailosi anapita yekha. Njinga inali itapita kale, fumbi lokha likutsika pang'onopang'ono pa chimanga chouma. Anakoka nthambi ya kumtunda, n'kuiponya m'ngalande. Atagwira ya kumunsi anaima, n'kutchera khutu kunyumba. Loveness ananena zoona. Kuchokera pamsewu sunkamva anthu anayi. Unkangomva kulira kumodzi.

Wapanjinga wina anachepetsa liwiro, dzanja lili kale pachipewa.

"Pepani achimwene, kwagwanji kuno?"

"Palibe," anatero Jailosi, akukokera nthambi ija kutchire. "Dutsani."